Khitchini Yopanda Zenera

Alexandra, Joni
18 Meyi 2003

Okondedwa amake Tayamika,

Ndisananene zanga, ndimve za inu. Mukudzuka bwanji inu ndi mwana? Nanga achimwene anu a Yesaya kukompaundi ya esiteti? Ine kuno Mulungu akundisunga.

Kalata yanu a Jonas a galimoto anandipatsa Lachitatu, pamodzi ndi kathumba ka nandolo. Nandoloyo tinaphika ndi Malizani, mnzanga wa kwa Nsabwe amene ndikukhala naye chipinda chimodzi. Anadya mwakachetechete ngati ali pamaliro, pomaliza n'kunena kuti, "Achimwene, mlamu mundiperekere moni, koma muwauze kuti kathumba kawoka n'kachipongwe. Amafuna tingonunkhiza?" Ndiye mwamva.

Nkhani yabwino ndi yakuti zomangamanga zija ndasiya. Ndapeza ntchito panyumba ya azungu ena kumayadi, yosamalira maluwa ndi kukolopa m'nyumba. Tsiku la Sabata anandilola kupuma, sindinachite kupempha kawiri. Adona ake ndi munthu wofatsa. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, wodwala mphumu, wochepa thupi ngati mmene analili Tayamika chaka cha chikuku chija.

M'chipinda cha mwanayo muli chinthu chimene chandiseketsa. Ndi bokosi loyera lofika m'mawondo, lolumikiza kumagetsi. Siliziziritsa, silitenthetsa, siliimba nyimbo. Limangolira pansipansi tsiku lonse. Nditafunsa, adona anati ndi makina oyeretsa mpweya: amakoka mpweya wa m'chipindamo, kuusefa, n'kuubweza woyera. Nditamuuza Malizani anaseka mpaka kutsamwa. "Madzi asefe, ufa asefe, pano ayamba kusefa mphepo? Mawa tidzamva kuti akusefa dzuwa."

Kuzizira kwayamba. Kuno kulokeshoni nyumba iliyonse ikukoleza malasha, ndipo dzuwa likapendeka utsi sukwera, umangokhala pansi n'kuphimba zisakasa zonse. Ndikatsika minibasi ndimaima pang'ono pamtunda, n'kumadzinamiza kuti ndi chiperoni chikutsika m'minda ya tiyi, kuti posachedwa ndikuonani mukutuluka m'nkhungumo, dengu kumsana, pulasitiki mutamanga m'chiuno. Koma chiperoni chathu chimanunkhira dothi ndi bulugama. Ichi chimakanda kukhosi.

Za kumunda: chimanga cha mbewu musankhe nokha, chikuluchikulu, mumange ndi makoko ake n'kupachika pamwamba pa mafuwa monga mwa masiku onse. Moto usamazime nthawi yaitali, kuti utsi uchilowerere, anankafumbwe asowe polowera. Paja khitchini ija ndinaimanga dala yopanda zenera pa chifukwa chimenechi. Mukukumbukira chaka chija cha 1983, ndili mkamwini watsopano, malemu amayi anu atakhala pamkeka, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati khoma likuwongoka? Zaka makumi awiri tsopano, denga lake chiswe sichinalawepo.

Ndatumiza kangachepe ndi a Jonas. Muyambe ndi za mayeso a Tayamika, kotsalako mugule bulangete.

Pansi penipeni pa kalata yanu, pepala litatsala pang'ono kutha, mwalemba kuti kachifuwa kaja sikanathebe. Kachifuwa kake kati? Kaja ka mvula yoyamba? Mbuzi mwazipatsa tsamba lonse, inu mwadzipatsa mzere umodzi. Mundiyankhe bwino.

Ndine wanu,
Simeoni


Alexandra, Joni
27 Julayi 2003

Amake Tayamika,

Moni wangayu akupezeni muli ndi mphamvu. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwandigwira pakhosi, monga aliyense kuno.

Lero sindilemba za mbuzi. Pali chimene ndaona, ndipo chandikhala pamtima masiku atatu.

Lachinayi adona anandiitana kuti andiphunzitse kutsegula makina aja. Mkati mwake muli sefa ya pepala lopindapinda. Yatsopano imakhala yoyera ngati thonje. Imene tinatulutsa inakhalamo miyezi itatu yokha, koma inali yakuda bii, ndipo nditaigwedeza pang'ono inandithira fumbi pansapato. Ndinafunsa kuti zachokera kuti zimenezi, poti chipindacho ndimakolopa ndine tsiku lililonse, ndipo m'nyumbamo sakolezamo moto. Adona analoza pazenera, mbali imene kuli msewu waukulu ndi lokeshoni yathu. Anati, "Simeoni, zonsezi zinali mumpweya. Pakanapanda pepalali, bwenzi zili m'chifuwa cha mwana wanga."

Anandituma kukataya kubini. Ndinapita nayo kuseri, ndinakhala pa wilibala n'kumaiyang'ana. Ndinapaka chala, ndinanunkhiza. Amake Tayamika, unali mwaye. Mwaye womwe uja wolendewera kudenga la khitchini yathu, umene ine ndakhala ndikuunyadira.

Ngati chipinda chosesedwa, chopanda moto, chikudetsa pepala chotero pa miyezi itatu, nanga khitchini imene moto wake sunazime zaka makumi awiri? Denga linada, miphika inada, chimanga chimada. Pakati pa zonsezo pamakhala inu, mutawerama, mukuuzira nthambi zaziwisi za tiyi wodulira. M'khitchini mwathu mulibe pepala. Sefa yake ndinu.

Ndikukumbukira masiku amene ndinkagwira kufakitale. Ndikaweruka ndinkaima pakhomo la khitchini osakuonani, kungomva chipande chikugunda mphika. Mukatuluka maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, ine n'kumati, "Wakuputani ndani lero?" Inu mumati, "Mkazi mnzanga uja munandimangira m'nyumbamu." Tinkaseka. Lero ndakumbukira ndipo sindinaseke.

Chonde, muwapemphe alamu a Yesaya abwere tsiku Lamulungu adzaboole zenera kukhoma loyang'anana ndi khomo, lalikulu ngati lichero, kuti mphepo izidutsa. Zidinazo n'zofewa, ndi ntchito ya ola limodzi. Kukacha bwino muziphikira panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mbewu tiziisunga ndi phulusa, kapena ndi mankhwala a m'sitolo pa Luchenza.

Ndikudziwa munena kuti Joni yandizunguza mutu, popeza ndine ndemwe ndinalemba kuti moto usazime. Ndinalakwa. Ndinalakwa kuyambira tsiku limene ndinkaumba zidina.

Mwafunsa za Disembala. Tiona. Masiku ano kuyenda m'tauni muno kukufunika maso, ndipo sabata yatha ndinafika kuntchito masana pa chifukwa chimene sichilembeka. Zinatha bwino.

Tayamika alimbikire, mayeso ayandikira.

Wanu,
Simeoni


Alexandra, Joni
9 Novembala 2003

Amake Tayamika,

Ndathokoza kumva kuti muli moyo nonse, ndi kuti mwana walemba mayeso ake onse osadwala. Ine ndilipo.

Yankho lanu ndaliwerenga katatu, kachitatuko mokweza, mpaka Malizani anati, "Mlamu akadakhala loya, bwenzi kundende kuli mbuzi zokhazokha."

Mwati amayi anu anaphika mu utsi moyo wawo wonse ndipo anamwalira ali nkhalamba. N'zoona. Koma mwaiwala mmene ankagonera chokhala, atatsamira thumba la chimanga, zaka zawo zomaliza? Tinkati ndi ukalamba. Mwati zenera lilowetsa chiperoni. Lilowetse, chiperoni chimatuluka dzuwa likawala. Mwati kuphikira panja anthu ayesa pali maliro. Apa ndiye musandilankhulitse.

Pomaliza mwalemba kuti, "Khoma lija munamanga ndinu. Achimwene saligwira. Mukabwera mudzaboola nokha." Amake Tayamika, khoma ndi dothi. Silidziwa dzanja la munthu. Kaya aboola ndi a Yesaya, kaya ndi waganyu, mphepo yolowa ndi yomweyo. Ine ndavomera, ndalemba ndi dzanja langa, mukufunanso chilolezo chotani?

Disembala sindikwanitsa. Abwana akupita kutchuthi ndipo akufuna ndiwalondere nyumba, apereka kena kapadera. Palinso nkhani ina ya pasipoti imene ndidzakufotokozerani pamaso. Chaka chamawa zinthu zidzakhala bwino.

Musamukalipire Tayamika, koma kuseri kwa kalata yanu anawonjezera mizere itatu ndi pensulo. Akuti dengu likadzaza simufika nalo kusikelo musanapume, ndipo akapitawo akuikani mizere ya kufupi ndi msewu. Akuti pachitunda cha kumjigo mumaima n'kumayerekeza kukonza nkhata. Inu amene munkatsika ndi tiyi wonyowa kuchokera kuphiri mukuimba, atsikana akulirira kumbuyo kwanu! Pitani kuchipatala cha mishoni akakujambuleni pachifuwa. Musadikire kuti nyengo yothyola ithe. Tiyi sanayambe wathapo.

Mwa zimene ndatumiza, mugule thumba la makala, ngakhale ndamva kuti akwera. Nkhuni za nyengo ino n'zonyowa, ndi utsi wokhawokha. Nsapato zakudazo n'za Tayamika, juzi ndi yanu.

Kuno mvula yoyamba inagwa Lachiwiri. Madzi otsika padenga anali akuda ngati otsukira mphika. Ndinaima pakhomo n'kumaganiza kuti kwathu pano minda yonse yaphuka, masamba anthete akuwala mpaka munthu kutsinzina, ndipo mbalame zikuchita phokoso m'mibulugama. Munthu ukakhala pakati pa zinthu zimenezo sudziwa kuti uli ndi kanthu.

Moni kwa amayi onse a ku Dorika kutchalitchi kwathu.

Wanu,
Simeoni


Alexandra, Joni
21 Malichi 2004

Amake Tayamika,

Muli bwanji? Funsoli lero si la mwambo chabe. Miyezi inayi ndakhala ndikufunsa a Jonas, iwo n'kumangotambasula manja. Kalata itafika ndinaona pa envulopu pomwe kuti dzanja si lanu. Mawu ndi anu, koma wolemba ndi Tayamika. Cholembera chayamba liti kukulemerani?

Ndakondwa kuti munapita kuchipatala, ndipo ndathokoza Mulungu kuti si chifuwa chachikulu. Zotsalazo mwana wandifotokozera zonse. Akuti adokotala, mnyamata ndithu, anakweza chithunzi chija pazenera, kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa:

"Mayi, fodya munayamba muli ndi zaka zingati?"

"Mwati chiyani?"

"Fodya. Chingambwe kapena ndudu za m'sitolo?"

"Mwana iwe, ine ndine wa Dorika, wa mpingo wa Sabata. Tiyi ndathyola zaka makumi awiri, sindinamwepo ngakhale kapu imodzi, ndiye ndikasute fodya?"

Akuti munamanga chitenje n'kutuluka, mukulankhula Chilomwe chimene Tayamika wakana kuchilemba. Ndinaseka ndekha m'chipinda, chifukwa ndinakuonani bwinobwino, mpaka mmene munaponyera phazi. Kenako ndinasiya kuseka.

Mnyamatayo sanakutukwaneni. Iye sakudziwani, sanakuoneni mukuphikira anamfedwa, sanakumveni mukutsogolera nyimbo pamsonkhano wa misasa. Anaona chithunzi basi, ndipo chithunzicho chikufanana ndi cha munthu wosuta. Inu mutatuluka, Tayamika anatsala n'kumufotokozera za khitchini. Akuti anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chifuwa sichifunsa kuti utsi uwu ndi wa fodya kapena wa nkhuni." Kampope kopopera m'kamwa kamene anapereka muzigwiritsa ntchito. Musakabise m'dengu la zovala.

Ndamvanso kuti panali wina pabenchi amene makutu ake ndi aatali, ndipo pano nkhani yafika kutchalitchi yakuti amake Tayamika amasuta mobisa. Ena akuti ayi, chifuwacho chinachokera ku Joni, m'sutikesi ya mwamuna wake. Muwafunse: munthu ndakhala zaka zisanu osaponda kumeneko, matendawo ndinatumiza pa positi?

Ndalemba "zaka zisanu" ndipo ndaima. Sindinaziwerengepo mokweza.

Koma chimene chandiwawa kuposa miseche ndi ichi. Akuti chifuwa chikakugwirani mukuphika, mumatseka chitseko cha khitchini kuti oyandikana nawo asamve. Teleza, mkazi wanga! Mukudzitsekera m'kamwa mwa chinthu chimene chikukudyani, kuopa anthu amene sadzakupumirani ngakhale kamodzi. Asiyeni amve. Tsokomolani pabwalo, mudzi wonse umve. Tayamika wamaliza sukulu, aziphika ndiye, panja. Ndipo zenera lija, ndagwada, libooleni.

Mwayankha mzere umodzi wokha pa nkhaniyi: "Mwini khoma akudziwa njira ya kwawo." Ndikuidziwa. Ndipirireni pang'ono.

Wanu nthawi zonse,
Simeoni


Alexandra, Joni
15 Ogasiti 2004

Amake Tayamika,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa chaka chino kwakusiyani ndi mphamvu. Ine ndikuyenda. Mukaona zilembo zikupendama, ndi mphepo ya Ogasiti imene yandiumitsa zala, si china.

Lero ndili ndi nkhani yosangalatsa. Katoni yaikulu imene a Jonas akupatseni musaigwetse, musaikhazike chagada. Muli makina aja.

Abwana asamukira kufupi ndi nyanja yamchere, ati mpweya wa kumeneko ungamuthandize mwana. Tsiku lolongedza, adona anandipeza ndikupukuta makinawo. Ndinali nditawauzapo za inu. Anandiuza kuti, "Tenga, Simeoni. Ukawapatse akazi ako." Anawonjezera sefa ziwiri zatsopano, zili m'mapepala ake. Kamwana kaja kanamata nyenyezi yapepala pamwamba pake, musaichotse.

Ndinawanyamula pamiyendo m'minibasi. Kondakitala anati ndilipire mipando iwiri, mayi wina n'kufunsa ngati ndi firiji ya mbeta. Ine ndinangowakumbatira ngati khanda. Chiyambire kubwera kuno sindinakutumizirenipo chinthu chachikulu ngati ichi.

Tsono mvetserani. Kwathu kulibe magetsi, koma nyumba ya alamu a Yesaya kukompaundi ili nawo, ndipo kachipinda ka kuseri kaja kalibe munthu. Ndawalembera kale. Mukakhale kumeneko, ngakhale miyezi iwiri yokha. Makinawo muwaike pafupi ndi pogona, osawagundika kukhoma. Mutseke mawindo, mudine batani lalikulu, kakawala kobiriwira ndiye kuti ayamba. Samafuna madzi kapena mafuta. Sefa ikada muikemo ina. Sindikunena kuti achiritsa zimene zinawonongeka, adona anandichenjeza kuti ndisayembekeze zimenezo. Koma chifuwa chanu chipumulako. Mwana uja chibwerere makinawa ankatha sabata yathunthu osabanika.

Za ntchito musade nkhawa. Ndikugwira apa ndi apo, minda ya maluwa ndi yambiri. Mwezi uno ndatumiza zochepa chifukwa katoniyo yadya malo m'galimoto.

Malizani apolisi anamugwira Lolemba pokwerera minibasi, pa nkhani ya mapepala. Ine ndinali kumbuyo kwake pang'ono, ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Anandiyang'ana kamodzi, osandiitana. Akuti amubweza kumudzi mwezi wamawa. Kapu yake ikadali pawindo. Chipindachi sindinkadziwa kuti n'chachikulu chonchi.

Akafika kumeneko adzakuonani, ndinamulongosolera njira kalekale. Mudzamupatse nandolo wokwanira.

Mundilembere tsiku loyamba limene mudzagone pafupi ndi makinawo.

Wanu,
Simeoni


Alexandra, Joni
30 Januwale 2005

Teleza, mkazi wanga,

Sindifunsa za moyo wanu, chifukwa ndamva. Malizani wandilembera masamba anayi, ndipo aka n'koyamba kuti munthu ameneyu alankhule nane osaseka.

Akuti ntchito munasiya mu Okutobala, inu osandiuza. Akuti kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mapeyala mumapuma kawiri. Akuti makina aja anawapeza pabalaza, pa tebulo, mutawafunditsa kansalu koluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki ndi chithunzi chathu cha ukwati. Chingwe chake chikadali chokulunga mmene ndinachikulungira ine.

Atakufunsani za kukompaundi akuti munati, "Ndikagone kwa achimwene ngati banja latha? Anthu azinena kuti mwamuna wake anamusudzula ndi bokosi?" Kenako munapuma nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kodi ine ndinapempha makina?"

Akutinso iye anatenga khasu kuti akaboole khomalo yekha, mufune musafune. Inu munadzikoka mpaka pakhomo la khitchini, kukhala pansi pomwepo, n'kunena kuti, "Alamu, bwezani khasulo. Mwini wake alipo."

Mawu ake omaliza ndi awa, ndikukopera mmene alili: "Achimwene, sukulu munapita koma ndinu opusa. Mlamu sakukana zenera. Akudikira woboola."

Chaka ndi theka, Teleza. Munandiuza poyera m'kalata zitatu, ine n'kumakuyankhani za zidina. Ndinakutumizirani juzi, makala, nzeru za adona, bokosi loyera. Chimene munaitanitsa chokha ndi chimene sindinatumize.

Tsono imvani zimene ndinkati ndidzanena pamaso. Masiku amene anandidindira m'pasipoti kuti ndikhale m'dziko lino anatha chaka chomwe ndinafika. Kuyambira pamenepo ndakhala ngati khoswe wa m'nkhokwe ya eni. Ndikatuluka pachipata sadzandilolanso kulowa. Ndinkaopa zimenezo. Koma ndinkaopa kwambiri kutsika basi pa Luchenza ndi sutikesi yomwe ija ndinachoka nayo, anzanga atamanga nyumba za malata, ine ndili ndi imvi ndi chifuwa changachanga. Inde, nanenso ndili nacho. Mbaula ya malasha m'kachipinda kotseka, nyengo zozizira zisanu ndi imodzi. Ndinkakulalikirani za utsi nditakhala mu utsi.

Ndapita kuofesi ya dziko lathu, andilonjeza kalata ya ulendo kumapeto kwa Febuluwale. Tikiti ndagula, ya Lachiwiri pa 1 Malichi. Lachinayi lake ndidzakhala pakhomo. Sindibwera ndi kanthu. Ndidzavula jekete, ndidzatenga khasu, ndisanamwe ndi madzi omwe.

Za zenera sindikupemphaninso. Ndikupempha chimodzi: mpaka ndifike, m'khitchinimo musalowe. Mvula ikagwa Tayamika aphikire pakhonde. Masabata anayi okha. Mwadikira zaka zisanu ndi chimodzi, musanditayire pa masabata anayi.

Kodi mtengo wa mapeyala uja wabereka chaka chino? Mundisungireko awiri.

Mwamuna wanu,
Simeoni


Alexandra, Joni
20 Febuluwale 2005

Mwana wanga Tayamika,

Ndilibe moni woti ndikupatse. Ndingoti ndili moyo, ndipo iwe uli moyo.

Amalume ako anaimba foni kwa abusa athu kuno Lachinayi masana, abusawo n'kundipeza ndikudulira mpanda wa eni. Lachisanu, nthawi imene munkawaika amayi ako dzuwa lisanalowe, ine ndinali pamzere kuofesi ija, kupempha kuti kalata ya ulendo ituluke msanga. Anati tsiku ndi lomwe lija.

Dzulo usiku ndinalankhula ndi amalume ako pa foni, anandiuza zonse. Akuti kalata yanga unawawerengera kawiri, ndipo tsiku limenelo anadya bwino. Akuti Lachitatu, iwe utapita kuchigayo, anakatapa dothi n'kuzira khitchini yonse, ati mwini wake asadzaipeze yokumbikakumbika. Popeza kunja kunkagwa mvula, anakoleza moto wa nkhuni zonyowa kuti pansi paume msanga. Akuti unawapeza ndiwe m'khitchinimo atatisiya kale, ndipo chichokereni kumanda sukudya, ukungonena kuti ukanapanda kupita kuchigayo.

Tamvera, mwana wanga. Kuchigayo anakutuma ndi iwo, ndipo anakutuma dala. Amayi ako akafuna chinthu, ngakhale mudzi wonse ukanakhala pakhomo paja, akanadutsa. Ngati pali wina woti asenze nkhaniyi, si iwe. Idya.

Makina aja uwapereke kuchipatala cha mishoni pamodzi ndi sefa zake, mwina kuchipinda cha ana angawathandize.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi, ndipo a Jonas alonjeza kuti aipereka m'manja mwako ine ndisanafike. Amalume ako anati, "Alamu, khoma lija sitinaligwire. Tasunga mawu a malemu, tikudikira inu." Ali mkati molankhula ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwawo. Ndinafunsa kuti ndani. Anati ndiwe, chimfine cha pamaliro. Mwina ndi chimfinedi.

Usandidikire. Tsiku limene uwerenge kalatayi, ukawatenge amalume ako, kapena Malizani, kapena utenge khasu wekha. Uboole mbali ziwiri. Likagumuka khoma lonse, ligumuke. Mbewu ikafumbwa, ifumbwe, tidzapempha kwa anansi. Pakhomopo ndi pako tsopano, ine ndine mkamwini amene mwini wake wapita, ndipo ndikukuuza ngati bambo ako: usaphikenso tsiku ngakhale limodzi m'nyumba imene utsi ulibe potulukira. Usadikire ine, ndipo m'tsogolo muno usadzadikire mwamuna aliyense pa nkhani ya mpweya wako.

Ndifika pa Luchenza Lachinayi pa 3 Malichi. Usavutike kudzandichingamira, katundu ndi wochepa. Ndikachedwa kufika pakhomo usade nkhawa, ndidzayamba ndadzera kumanda. Amalume ako andiuza kuti ndi pafupi ndi agogo ako, kumunsi kwa nsungwi.

Ndikudziwa zimene timakhulupirira, kuti akufa ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu. Ndaphunzitsapo zimenezo ine ndemwe pa Sukulu ya Sabata, ndipo sindikuzikana. Komabe ndikufuna ndikawauze kuti ndafika.

Bambo ako,
Simeoni